Kaoneni Nkhata Bay, Kumene Usipa Augwira ndi Nyali

Inu alimi a kwa Msakambewa, kodi usipa umene mudyera nsima mudziwa m'mene augwirira? Chaka chino mukatha kukolola ndi kugulitsa fodya, patulaniko ndalama pang'ono mukaone Nkhata Bay, doko la kumpoto m'dziko la Atonga. Mutsikire ku Salima kapena ku Nkhotakota, nimukwere basi yotsata nyanja, kupyola minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Sitima ya Ilala, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1951, nayonso iima padokoli.

Musafulumire kugona tsiku lofikalo. Kukada khalani pamchenga muyang'ane kunyanja. Mudzaona nyali zambirimbiri zitandanda pamadzi, monga ngati pamera mudzi. Amenewo ndi asodzi. Mmodzi, wotchedwa siginala, akhala m'bwato mwake ndi nyali zowala kwambiri. Usipa utsata kuwalako nuunjikana pansi pa bwato, ndipo anzake auzinga ndi khoka lotchedwa chilimira. Makolo ao ankayatsa miyuni, pambuyo pake padadza nyali za parafini, tsono lero ambiri ali nazo za mabatire.

Apa pali nzeru yothandiza thumba lanu. Mwezi ukawala usiku wonse nyali zichepa mphamvu, usipa subwera, ndipo mtengo ukwera. Mukafuna kugula wambiri woti ana adye kufikira nthawi yolima, pitani pamdima, mwezi utapita. Sankhani wouma bwino pathandala, pakuti wachinyezi udzaonongeka musadafike ku Dowa.

M'mawa lawirani. Kwanu dzuwa lituluka kuseri kwa phiri, koma kuno livuuka m'madzi, nyanja yonse niifiira. Nthawi zina mudzaona chinthu chonga utsi patali pamadzi. Si moto ai, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja atigwira ndi kudya.

Kuwala kumeneku ndi kumene anyamata a pano ajambula pansalu ndi utoto. Ayala zithunzi zao m'mbali mwa njira yopita ku Chikale, pamodzi ndi ziboliboli ndi mipando yosema, ndipo alendo a maiko akutali agula. Ku Denmark kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Skagen umene udatchuka motero m'zaka za m'ma 1880, pamene akatswiri ojambula adakhamukirako kutsata kuwala kwa kunyanja. Mwana wanu wokonda kulemba zithunzi pakhoma ndi makala, amene mumkalipira masiku onse, mupite naye akaone kuti ena adyerapo.

Nsima ya kuno ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa. Ilaweni ndi nsomba ya batala, musaikane pamaso pa eni mudzi. Koma za kusambira chenjerani. Nyanja ya pano izama msanga pafupi ndi miyala, ndipo mphepo ya mwera, imene iomba kuyambira mwezi wa May kufikira August, igubuduza ngakhale mabwato a asodzi ozolowera. Ana asalowe m'madzi popanda wamkulu wa komweko.