Makamera owerenga nambala za magalimoto autsa mapiri pachigwa ku America

Mzinda wa Austin ku Texas unasiya kugwiritsa ntchito makamera owerenga nambala za magalimoto mu June 2025, anthu atadandaula kwambiri ku khonsolo. Mizinda ina yatsatira, pamene ina ikungowonjezera. M'madera ambiri anthu akuchita kudzidzimuka kumva kuti apolisi akwawo akhala nawo kwa zaka. Tikamera take ndi tating'ono, topachikidwa pamtengo wachitsulo, kasola kali pamwamba, ndipo woyendetsa galimoto amadutsa osatiponyera ndi diso lomwe.

Amene akukana makamerawa satha mawu osatchula zomwe zinachitika ku Aurora, m'chigawo cha Colorado, mu August 2020. Linali Lamlungu. Mayi wina wachikuda anatenga mwana wake wazaka 6, mng'ono wake wazaka 12 ndi atsikana ena awiri apachibale azaka 14 ndi 17, kuti akakongoletse zikhadabo ku saluni. Anapeza potseka. Ali m'galimoto pamalo oimikapo, anangoona apolisi atulukira mfuti zili m'manja, n'kuwalamula kuti atuluke agone chafufumimba paphula. Inali nyengo yotentha. Wazaka 12 ndi wazaka 17 anawamanga maunyolo manja kumbuyo. Wamng'ono uja, atavala kachisoti kachifumu kapinki, ankalira kuitana amayi ake, anthu odutsa ataima chapatali, wina akujambula pafoni.

Kamera yowerenga nambala ndiyo inachenjeza apolisiwo, poti nambala ya galimotoyo inali itafanana ndi ya njinga yamoto yobedwa, yolembetsedwa ku Montana. Kungosuzumira pakompyuta n'kuona kuti chikusakidwa ndi njinga, anawo sakanagona pansi. Mu 2024 mzindawo unavomera kulipira banjalo chipukutamisozi cha madola 1.9 miliyoni, koma palibe wapolisi amene anaimbidwa mlandu kukhoti.

Apolisi ambiri amati zoterezi ndi kulakwa kwa munthu, osati kwa makina, ndipo amawerenga magalimoto obedwa amene apezeka ndi ana obedwa amene apulumutsidwa. Zimenezo n'zoona. Koma pagona mkangano ndi pena: kamera sisankha. Imajambula galimoto iliyonse, ya wakuba ndi ya mphunzitsi wopita kusukulu, n'kusunga nambala, malo ndi nthawi. Mukaika pamodzi zojambula za mwezi wathunthu, mudziwa kumene munthu amapemphera, chipatala chimene amapita, ngakhale nyumba imene amagona Lachisanu.

Ndiye zisungidwe kwa nthawi yaitali bwanji? Ku New Hampshire lamulo limati nambala imene sikusakidwa ifufutidwe pasanathe mphindi 3. Mizinda yambiri imasunga masiku 30. Ku Britain, kumene luso limeneli linayambira mu 1976, amasunga chaka. Ofufuza milandu amati mphindi 3 n'zochepa, chifukwa mlandu wina umadziwika patapita sabata. Omenyera ufulu amati munthu wosalakwa sayenera kulondoledwa pongoganizira kuti mwina mawa adzalakwa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera, makamaka poti zosungidwazo sizikhala m'mzinda umodzi. Mu 2025 zinaululika kuti wapolisi wina ku Texas anasaka m'makamera oposa 83,000 a m'zigawo zosiyanasiyana pofunafuna mayi amene anachotsa pakati. Ofesi yake inati inkadera nkhawa moyo wa mayiyo. Okhala m'zigawo zimene kuchotsa pakati n'kololedwa sanafunsidwepo ngati makamera a m'misewu yawo angagwire ntchito yotere.

Chinanso n'chakuti si makamera onse ali a boma. Ena amagula ndi eni masitolo kapena magulu a eni nyumba, n'kulola apolisi kuonamo. Abale athu oyendetsa galimoto ku Johannesburg akuzidziwa bwino izi, poti kumenekonso mitengo yamakamera imene yadzaza m'misewu ya m'madera olemera ndi ya makampani achitetezo.