Dzina la Nanazi m'Cinenero ca Cisipanishi

Munthu wophunzira Cisipanishi akafuna dzina la nanazi, buku limampatsa liu lakuti piña. Cilembo ca n cokhala ndi kamzere kopindika pamwamba pace cimachulidwa monga ny wa m'liu lakuti nyama, cotero liulo limamveka "pinya". Pochula nanazi mmodzi amati la piña, ndipo akakhala ambiri amati las piñas.

Kodi dzinali linacokera kuti? M'mwezi wa November, caka ca 1493, Christopher Columbus pa ulendo wace waciwiri anafika pa cisumbu ca Guadeloupe, napeza cipatso cimene anthu a ku Ulaya sanaciwonepo ndi kale lomwe. Asipanishi poona mamba ace anacifanizira ndi cipatso couma ca mtengo wa paini, cimene kwao ankacicha kale piña. Motero dzina lakale linagwera pa cipatso catsopano.

Koma eni ace a cipatsoco ku South America, anthu olankhula Citupi ndi Cigwarani, anali ndi dzina lao, ndilo nana. Apwitikizi analandira dzinalo nati ananás, ndipo m'zaka za ma 1500 zombo zao zinanyamula mbeu pamodzi ndi dzina kunka nazo ku magombe a Afirika ndi ku India. Ndico cifukwa cace Aswahili amati nanasi, ndipo Anyanja amati nanazi.

Pano mpofunika kucenjera. Ku Spain ndi ku Mexico wogula pamsika amafunsa piña, nalandira cipatso cace. Ku Argentina ndi ku Uruguay anthu amakonda liu lija la eni dziko, namati el ananá, mau akukwera pa cigawo cotsiriza ca liulo. Kumeneko piña m'kalankhulidwe ka masiku onse ndi nkhonya. Mlendo wopempha piña pamsika wa ku Buenos Aires adzamveka ndithu, koma ogulitsa angamseke, pakuti wapempha kuti amkhome.

Tsono wophunzira wanzeru salowezera liu lokha, koma amafunsanso dziko kumene liulo ligwira nchito. Ndipo Mnyanja wofika ku Argentina ali ndi mwai, popeza dzina limene analiphunzira ali mwana pamunda wa amace liri pafupi ndi lomwe adzamva kumeneko.