Nkhata ya Masamba ndi Matumba a Ndalama: Masewera a Agiriki ndi Aroma

Aliyense wopita kukapikisana m'bwalo la ku Olympia, m'dziko la Greece, ankadutsa kaye pamzere wa mafano a mkuwa a mulungu wawo Zeus. Mafanowo sanali okongoletsera malo. Ankasulidwa ndi ndalama za chindapusa cha anthu ogwidwa akubera mpikisano, ndipo patsinde pake ankalembapo mawu ochenjeza ena. Asanu ndi limodzi oyambirira anaimikidwa m'chaka cha 388 BC, Eupolos wa ku Thessaly atahonga anzake atatu a nkhonya kuti amugonjere. Miyala 16 imene mafanowo anakhalapo ikadalipo mpaka lero.

Anthu amakonda kunena kuti masewera akale anali oyera, kuti makolo a Agiriki ankangopikisanirana ulemu basi, ndalama zinabwera dzulodzuloli. Ndi zoona kuti wopambana ku Olympia ankangolandira nkhata ya masamba a mtengo wa azitona, ndipo wachiwiri ndi wachitatu ankabwerera chimanjamanja. Koma munthu sangahonge anzake atatu chifukwa cha masamba.

Agiriki ankawerenga kuti mipikisanoyi inayamba mu 776 BC. Pa nthawiyo panali liwiro lokha, la mamita pafupifupi 192, ndipo amati woyamba kupambana anali Koroibos wa ku Elis, wophika zakudya. Pakapita zaka zinayi zilizonse, amithenga ankayenda m'mizinda yonse ya Agiriki kulengeza pangano loti aliyense wopita ku Olympia asachitidwe chipongwe panjira, ngakhale mizindayo ili pankhondo. Unali mwambo wachipembedzo poyamba, masewera pambuyo. Pakati pa chikondwererocho ankapha ng'ombe 100 za nsembe. Opikisana, pamodzi ndi abambo awo, abale awo ndi aphunzitsi awo, ankalumbira pa nthuli za nguluwe kuti sachita chinyengo, ndipo opikisanawo ankalumbiranso kuti akonzekera kwa miyezi 10.

Kuonerera kwake kunali kofuna kupirira. Anthu oposa 40,000 ankakhala pamtunda wa dothi, dzuwa likuswa mtengo, madzi akusowa, ntchentche zili ng'waa chifukwa cha nyama ya nsembe, moti kunali guwa lapadera lopempherapo Zeus kuti aziingitse. M'bwalomo amuna ankapikisana ali maliseche, thupi lonse atadzola mafuta a azitona. Akamaliza ankapala mafutawo, thukuta ndi fumbi ndi kachitsulo kopindika. Wodumphira kutsogolo liwiro lisanayambe ankakwapulidwa pomwepo, anthu onse akuona.

Mpikisano woopsa kwambiri unali pankration, umene unayamba mu 648 BC. Unkaphatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, ndipo zoletsedwa zinali ziwiri: kuluma ndi kukolowola maso. Panalibe kugawa anthu potengera kulemera kwawo, panalibenso nthawi yopumira. Nkhondo inkatha wina akakomoka kapena akakweza chala kuvomereza kuti zamukanika. Mu 564 BC, Arrhichion wa ku Phigalia anakanyangidwa pakhosi ndi mnzake, iye n'kumugulula phazi. Mnzakeyo anagonja chifukwa cha ululu pa nthawi imene Arrhichion ankatsirizika. Oweruza anaveka nkhata mtembo.

Chimene munthu ankafera chotere chinkamudikira kwawo. Ku Athens, malamulo amene amati anaika Solon ankapatsa wopambana ku Olympia madrakima 500, ndalama imene mmisiri wamba akanaigwirira ntchito kupitirira chaka. Ankadyanso ulele m'nyumba ya boma moyo wake wonse. Mizinda ina inkamusemera chiboliboli, n'kumupatsa mpando wakutsogolo pa zochitika zonse. Ndipo kupatula mipikisano inayi ya nkhata, ya ku Olympia, Delphi, Isthmia ndi Nemea, kunali ina yambirimbiri yopereka chuma poyera. Pa chikondwerero cha Panathenaia ku Athens, wopambana pa magaleta a akavalo anayi ankapita kwawo ndi mitsuko 140 ya mafuta a azitona, uliwonse wa malita oposa 35. Katswiri wodziwa ntchito ankangozungulira mipikisano yotereyi chaka chonse, osagwiranso khasu.

Kugula osewera nakonso si kwa lero. Astylos, wothamanga wa mumzinda wa Croton, anapambanira kwawo mu 488 BC, koma maulendo awiri otsatira analembetsa ngati nzika ya Syracuse pofuna kusangalatsa olamulira a kumeneko. Anthu a ku Croton anapsa mtima, nagwetsa chiboliboli chake, nyumba yake n'kuisandutsa ndende. Mu 332 BC, Kallippos wa ku Athens atagwidwa ndi ziphuphu, mzinda wake unakana kulipira chindapusa n'kunyanyala masewerawo. Unadzalipira pokhapokha a ku kachisi wa ku Delphi atanena kuti mulungu wawo Apollo sayankhanso chilichonse chimene Aatene angafunse ngongoleyo isanathe.

Mpikisano wa magaleta ndiwo unkaonetsa poyera kuti mwini ndalama ndiye mwini ulemu, chifukwa nkhata inkapita kwa mwini akavalo, osati kwa woyendetsa amene waika moyo wake pachiswe. Alcibiades, wandale wa ku Athens, analowetsa magaleta 7 mu 416 BC, ndipo pambuyo pake ankanyadira chipambanocho pouza anthu kuti ndiye woyenera kutsogolera nkhondo. Mpata womwewu ndi umene anadzera mkazi woyamba kupambana ku Olympia. Akazi okwatiwa sankaloledwa n'kuonerera komwe, koma Kyniska, mlongo wa mfumu Agesilaos ya ku Sparta, anali ndi akavalo ake, ndipo anapambana kawiri, mu 396 ndi 392 BC.

Komabe Agiriki anali ndi chinthu chimodzi chimene sankachinyengerera. Wopikisana pa liwiro, nkhonya kapena kugwetsana anayenera kukhala mfulu, Mgiriki, wopanda mlandu wakupha. Ana a mabanja omveka ankavula okha n'kulowa m'bwalo. Apa ndi pamene Aroma anasiyana nawo kotheratu. Kwa Mroma wolemekezeka, kuvula pagulu chinali chamanyazi, ndipo kusangalatsa khamu inali ntchito ya anthu apansi. Iye malo ake anali pampando. Mumchenga wa m'bwalo munkalowa akapolo, ogwidwa kunkhondo, opalamula, ndi amphawi odzipereka okha.

Nkhondo za anthu omenyana ndi malupanga zinayambira pamaliro. Yoyamba kulembedwa mu Roma inachitika mu 264 BC, ana a Junius Brutus Pera atamenyanitsa amuna asanu ndi mmodzi polemekeza bambo awo. Andale sanachedwe kuona kuti chionetsero chotere chimakopa mavoti, ndipo chinakula mpaka mfumu Titus anatsegulira bwalo la Colosseum mu AD 80 ndi masewera a masiku 100. Si nkhondo iliyonse imene inkathera imfa, pakuti womenya wophunzitsidwa bwino anali katundu wodula kwa mbuye wake. Ena ankatchuka mpaka mayina awo kulembedwa pamakoma. Koma lamulo linkawaikabe m'gulu la anthu opanda ulemu, osayenera udindo uliwonse.

Chimene Aroma ankachikonda koposa, ngakhale makanema sachionetsa kwambiri, chinali magaleta. Colosseum inkalowa anthu pafupifupi 50,000, pamene bwalo la magaleta la Circus Maximus linkalowa osachepera 150,000. Matimu anali anayi, Ofiira, Oyera, Obiriwira ndi a Buluu, iliyonse ndi makola ake, madokotala ake ndi ochemerera ake a moyo wonse. Magaleta okwana mpaka 12 ankazungulira bwalo maulendo 7. Woyendetsa ankamanga zingwe za akavalo m'chiuno kuti aziwongolera ndi thupi lonse, ndipo ankayenda ndi mpeni woti adulire zingwezo galeta likagubuduzika. Ambiri mpeniwo sankaufikira. Scorpus anapambana maulendo oposa 2,000, koma anafa asanakwanitse zaka 27.

Amene amadandaula za zithumwa pa mpira wa masiku ano akanaona zakuda ku Roma. Ofukula zakale apeza timapale ta mtovu tokwiriridwa m'manda ndi pafupi ndi mabwalo, tolembedwa mayina a akavalo ndi oyendetsa a timu ina, topempha mizimu kuti iwamange miyendo ndi kuwagwetsa pokhota.

Wamwayi anali Gaius Appuleius Diocles wa ku Lusitania, dera la Portugal ndi Spain wa lero. Anayamba ali ndi zaka 18 kwa Oyera, nasamukira kwa Obiriwira, kenako anakhazikika kwa Ofiira. Atapuma ali ndi zaka 42, mwala wolembedwa za ntchito yake unawerenga mipikisano 4,257, kupambana 1,462, ndi mphoto zokwana masesitesi 35,863,120. Msilikali wa nthawiyo ankalandira 1,200 pachaka, kutanthauza kuti mphoto za munthu mmodziyu zikanalipira asilikali pafupifupi 30,000 kwa chaka chathunthu.

Olympia inapitirira pansi pa ulamuliro wa Aroma, ngakhale nthawi zina inkanyozeka. Mu AD 67 mfumu Nero anapikisana iye mwini pa galeta la akavalo 10, anagwa, mpikisano sanaumalize, koma oweruza anamuvekabe nkhata. Ndani akanayerekeza kumukaniza? Atamwalira, a ku Elis anafufuta masewera a chaka chimenecho m'kaundula wawo. Mipikisanoyo inadzazilala kumapeto kwa zaka za m'ma 300 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 400, mafumu achikhristu, makamaka Theodosius, ataletsa nsembe za milungu yakale zimene chikondwererocho chinatsamirapo.

Koma magaleta anapulumuka, chifukwa sankadalira guwa la nsembe. Ku Constantinople a Buluu ndi Obiriwira anasanduka magulu amphamvu moti mafumu ankawaopa. Mu Januwale 532 zinafika pa mwana wakana phala: magulu awiriwa anaiwala udani wawo n'kuukira mfumu Justinian, natentha gawo lalikulu la mzinda, mpaka kuveka ufumu munthu wina. Justinian anatumiza akazembe ake Belisarius ndi Mundus, amene anatsekera khamulo m'bwalo la magaleta momwemo n'kupha anthu pafupifupi 30,000. Bwalolo linatsekedwa kwa zaka zingapo, kenako mipikisano inayambiranso, ndipo inapitirira mumzindawo kwa zaka mazana ena angapo.