Nyimbo ya Maliro Yoimbira Otsala

Aliyense amene anagonapo pa siwa kuno ku Kasungu akudziwa kuti amayi a Chigwirizano akachezera kuimba mpaka tambala woyamba, saimbira mtembo. Wapitayo samva. Amaimbira anamfedwa, kuti mitima yawo ipezeko potsamira. Ndi khutu limeneli, owerenga athu, tiyenera kumvera nyimbo yaikulu ya Johannes Brahms, Mjeremani wobadwira ku Hamburg mu 1833, yotchedwa Ein deutsches Requiem.

Requiem ndi Misa ya maliro ya m'Chilatini, yopempherera mzimu wa womwalira. Brahms anasiya mawu a Misayo, nasankha yekha ndime za m'Baibulo la Chijeremani la Martin Luther. Imfa anali kuidziwa bwino: mlangizi wake Robert Schumann anamwalira mu 1856, amayi ake omubereka mu February 1865. N'chifukwa chake mawu oyamba a kwaya, ochokera pa Mateyu 5:4, amadalitsa olira maliro, osati wogona m'bokosi.

Nyimboyi imatha ola limodzi ndi mphindi zingapo, ndipo woimvera pa wailesi amamva theka lake lokha. M'chigawo choyamba oimba vayolini, amene ali ochuluka koposa m'gulu lonse, sakhudza zingwe zawo n'komwe. Wokhala m'holo amawaona atakhala duu, pamene zoimbira za mawu otsika zikung'ung'udza ngati anthu olankhulana kuseri kwa nyumba ya maliro. Maso ndiwo amamuuza kuti kuwala kwabisidwa mwadala.

Chigawo chachiwiri ndicho chimandigwira mtima koposa. Ng'oma zimagunda pang'onopang'ono monga mapazi a adzukulu, kwaya nkumayerekeza moyo wa munthu ndi udzu umene umafota. Ife a m'chigwa chino sitifunika kumasuliridwa. Timaona tchire la mu Okutobala. Kenaka nyimbo imafewa, nitenga mawu a pa Yakobo 5:7 onena za mlimi wodikira mvula moleza mtima. Mlimi wa fodya amene wathirira nazale miyezi iwiri, maso ali kumwamba, angathe kuphunzitsa Ajeremani tanthauzo la ndime imeneyi.

Kuimba pamaso pa anthu kuli ndi zoopsa zake. Kumapeto kwa chigawo chachitatu zoimbira zotsika zimagwira liwu limodzi la D osalisiya, kwaya nkumalukanalukana pamwamba pake. Liwu limeneli munthu amalimva m'chifuwa, osati m'makutu mokha. Pa 1 December 1867 ku Vienna, pamene zigawo zitatu zoyamba zinaimbidwa koyamba, woimba ng'oma anamenya mwamphamvu mosayenera, kwaya yonse nkumizidwa. Dzanja la munthu mmodzi linaononga ntchito ya zaka.

Zinakonzeka pa Lachisanu Loyera, pa 10 April 1868, m'tchalitchi chachikulu cha ku Bremen, Brahms mwini akutsogolera ali ndi zaka 34. Koma panali dandaulo. Karl Reinthaler, mkulu wa zoimbaimba pa tchalitchicho, anaona kuti dzina la Khristu silitchulidwa paliponse m'nyimboyi. Brahms sanasinthe kanthu. Anayankha kuti akanakonda kuitcha nyimbo ya anthu onse, osati ya Ajeremani okha. Pofuna kukhazika mitima pansi, pa tsikulo anaonjezerapo nyimbo ya m'Messiah wa Handel. Kwa ine Brahms ndiye analondola, pakuti pa maliro a kwathu Mkatolika, Msilamu ndi wa Gule Wamkulu amakhala pa mphasa imodzi.

Pambuyo pake anaonjeza chigawo chachisanu, ndipo zigawo zonse zisanu ndi ziwiri zinamveka koyamba ku Leipzig pa 18 February 1869. M'chigawo chimenechi mokha ndi mmene mayi wa soprano amaimba payekha. Amakhala phee nthawi yaitali, kenaka nkuimirira, kwaya ikumuyankha motsitsa ndi mawu a pa Yesaya 66:13 onena za chitonthozo cha mayi kwa mwana wake.

Aphunzitsi anzanga, musanene kuti izi n'za eni zipangizo. Brahms anaikonzanso kuti iziimbidwa ndi piyano imodzi yoimba anthu awiri, ndipo mu 1871 inaimbidwa motero m'nyumba ya munthu ku London. Chigawo chachinayi, cha pa Salmo 84, makwaya ambiri amachiimba pachokha. Chimatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo chovuta chake chachikulu ndi mpweya wa oimba tena.