MANKHWALA OPOPERA MBEWU NDI TIZIPATA TISANU TA M'THUPI

Alimi amene amagulitsa repu ndi tomato pa msika wa Soweto mu Lusaka kawirikawiri amabwerera kumudzi ndi botolo la mankhwala opopera mbewu, monga dimethoate kapena malathion. Mankhwalawa amapha nsabwe za m'masamba, koma akalowa mwa munthu kudzera pakhungu, m'kamwa kapena m'mphuno, amaika moyo paciswe.

Mtsempha ukafuna kulamula ciwalo, umatulutsa timadzi ta acetylcholine, timene timagogoda pa tizipata tating'onoting'ono ta pa ciwaloco. M'caka ca 1914 Henry Dale wa ku England anaona kuti nchito zina za timadziti zifanana ndi za muscarine, ululu wa mu bowa wina wofiira, ndipo tizipatato tinapatsidwa dzina lakuti muscarinic. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri anali atapeza mitundu yake isanu, M1 kufikira M5.

M1, M4 ndi M5 tipezeka makamaka mu ubongo. M1 kathandiza kukumbukira. M2 kali pamtima, ndipo kakatseguka mtima umagunda pang'onopang'ono. Koma kofunika kwa mlimi ndi M3. Ndiko kamatulutsa malovu, misozi ndi thukuta, kamafinya matumbo ndi cikhodzodzo, kamacepetsa mwanadiso, ndi kupanikiza njira za mpweya m'mapapo.

Thupi lili ndi cosesera cake cocotsa timadziti uthenga ukangoperekedwa. Mankhwala opoperawo amalemaza coseseraco, tsono tizipata timangokhala pululu. Wodwala amacuca dovu, amatsegula m'mimba, mtima umafooka, ndipo mapapo amadzala madzi, kotero kuti munthu angamire ali pamtunda.

Ku cipatala cacikulu ca UTH, kufupi ndi Kabwata, monganso m'zipatala za m'maboma, madokotala amabaya atropine. Iyeyu amatseka tizipata tonse tisanu mosasankha, ndipo amabwerezedwa kufikira cifuwa citauma. N'cifukwa cake wodwala amauma kukamwa, mwinanso kubwebweta. Acibale musacite mantha. Komabe atropine sacotsa kufooka kwa minofu yopumira, pakuti iyo imamvera tizipata ta mtundu wina, ndipo odwala ena amafunika makina owapumitsa.

Ngozi ikagwa, m'vuleni munthuyo zovala, m'sambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri. Musam'mwetse mkaka kapena mafuta ophikira, musam'sanzitse. Thamangani naye kucipatala mutanyamula botololo, kuti dokotala awerenge dzina lake.