Kuphunzitsa Seŵero la Antigone

Tikamaphunzitsa seŵero la Antigone, limene Sophocles analemba ku Athens cha m'ma 441 B.C., ambirife timafulumira kugamula mlandu, nkumati mtsikanayo ngwolungama, mfumu njankhanza. Tikatero ophunzira satsala ndi chokambirana.

Nkhani yake ili motere. Ana aamuna aŵiri a Oedipus, Eteocles ndi Polyneices, aphana polimbirana ufumu wa mzinda wa Thebes. Creon, mfumu yatsopano, aika Eteocles mwaulemu, koma alamula kuti mtembo wa Polyneices usiyidwe pamtunda, ndipo wouika aphedwe. Antigone, mlongo wa anyamataŵa, apita kukawaza dothi pamtembopo. Atagwidwa sakana, koma anenetsa kuti malamulo osalembedwa a milungu amaposa lamulo la munthu.

Tsono timvereko mbali ya Creon. Polyneices anabwera ndi ankhondo a ku Argos kudzathira nkhondo kwao komwe. Mfumu ikalemekeza woukira mofanana ndi wotchinjiriza, adzafere mzinda ndani maŵa? Ndiponso Creon si mlendo m'banjamo. Iye ndi mlongo wake wa Jocasta, mai a Antigone. Kunena kwathu kuno, ndi atsibweni ake, mwini mbumba, amene tikadayembekeza kuti ndiye atsogolere maliro. Mwana wake Haemon ndiye wotomera Antigone. Motero munthu mmodzi wasenza maudindo aŵiri osayanjana, ndipo akakhululukira mwana wa mlongo wake, anthu anena kuti lamulo limayang'ana nkhope. Apa mpamene tiyenera kuchedwapo m'kalasi.

Mathero ake ngofulumira. Antigone atsekeredwa wamoyo m'phanga. Mlosi wakhungu Teiresias achenjeza mfumu, ndipo Creon agonja, koma wachedwa: Antigone wadzimangirira, Haemon adzipha, naye mkazi wa Creon, Eurydice, adzipha.

Ife timalangiza kuti kuŵerenga kuime Teiresias asanaloŵe, pakuti ophunzira akadziŵa mathero sadzalimbanso mtima kuikira kumbuyo Creon. Tigaŵe kalasi patatu ngati pabwalo la milandu. Ena anenere mfumu, ena Antigone, ndipo gulu lachitatu linenere Ismene, m'bale wake amene anaopa kuthandiza koma pambuyo pake anafuna kufera limodzi naye. Tisalichepetse gulu limeneli, chifukwa ambirife tikadachita monga Ismene. Mphunzitsi asunge maganizo ake mpaka phunziro lotsatira.