Mafuta, kolesitolo ndi makoswe a m'labotale: zimene zikukhudza mbewu zathu

Ife amene timagwira ntchito ndi soya, mtedza ndi mpendadzuwa tinazolowera kufunsa kuti mbewu ili ndi mafuta ochuluka bwanji. Akatswiri a kadyedwe amafunsa zina: mafutawo akalowa m'thupi amakachita chiyani? Mayankho ambiri anachokera kwa makoswe. Ngakhale vitamini E anadziwika mu 1922 pamene Herbert Evans ndi Katharine Bishop, ku Berkeley m'dziko la America, anaona kuti makoswe osowa chinthu china m'chakudya ankalephera kubereka.

Selo iliyonse ikamagwiritsa ntchito okosijeni imatulutsa tizinthu taukali totchedwa ma free radical. Timeneti timawononga mafuta amene amapanga khungu la selo, monga mmene mafuta ophikira amayambira fungo akakhalitsa padzuwa. Thupi lili ndi alonda ake. Enzaimu ya superoxide dismutase imasandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide, kenako catalase ndi glutathione peroxidase amaimaliza n'kukhala madzi. Vitamini E amakhala mkati mwa khungu lenilenilo n'kuletsa kuwonongekako kufalikira. Glutathione peroxidase sagwira ntchito popanda selenium, monga anasonyezera ofufuza a ku University of Wisconsin mu 1973, ndipo zimenezi n'zofunika kuno chifukwa chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa.

Pofufuza, makoswe amagawidwa m'magulu. Ena amadya chakudya wamba, ena chamafuta ambiri, ena chowonjezera kolesitolo, kawirikawiri gawo 1 kapena 2 pa 100 alionse. Pakapita masabata angapo amayeza chiwindi ndi magazi. Mwa makoswe odya kolesitolo, chiwindi chimadzaza mafuta n'kutuwa, malondialdehyde, amene ndi chizindikiro cha mafuta owonongeka, amakwera, ndipo glutathione amatsika. Ma enzaimu aja nthawi zambiri amafooka, ngakhale m'kafukufuku wina amayamba akwera kaye pamene thupi likulimbana nalo vutolo.

Mtundu wa mafuta uli ndi mbali yaikulu. Linoleic acid, amene ndi wochuluka mu soya ndi mpendadzuwa wamba, amagwidwa ndi okosijeni msanga kuposa oleic acid, choncho khoswe wodya mafuta otere amafunika vitamini E wambiri. Izi sizikutanthauza kuti mafutawa ndi oipa. Linoleic thupi silingampange lokha, ndipo mbewu zomwezi zimakhala ndi vitamini E wake.

Tisathamangire kunena kuti zochitikira khoswe zimachitikiranso munthu. Khoswe alibe thumba la ndulu, amadzipangira vitamini C, ndipo kolesitolo wake wambiri amayenda mu HDL, n'chifukwa chake mitsempha yake sitsekeka wamba. Ndipo mawu akuti "opanda kolesitolo" pabotolo la mafuta asatikope: kolesitolo amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama, ndipo mafuta onse a mbewu amakhala pafupifupi opanda.

Pamene nkhaniyi ikutifika pakhomo ndi m'nyumba zosungiramo mbewu. Njere ndi chamoyo, ndipo ili ndi superoxide dismutase ndi catalase wake. Ikakhala pamalo otentha ndi achinyezi, mafuta ake amawonongeka mwa njira yomweyi, khungu la maselo limayamba kudontha, alonda aja amatha mphamvu, ndipo kameredwe kamatsika. Soya ndiye amatha msanga kwambiri. Odzala mitundu yatsopano akhala akuyankha vutoli kuchokera mkati mwa njere: mu 1987 ofufuza a ku University of Florida anafotokoza za mtedza wokhala ndi oleic pafupifupi magawo 80 pa 100, ndipo mitundu yochokera kwa iwo imakhalitsa osachita fungo.

Kwa wogulitsa zipangizo za ulimi, thumba la soya lotsala chaka chatha, limene lakhala m'sitolo ya malata mpaka kutentha kwa Okutobala, lingaoneke labwinobwino ndi maso. Tiziyamba tayeza kameredwe kake tisanalipereke kwa mlimi, ndipo matumba otsalawo tiwaike pamathabwa, kutali ndi khoma ndi denga.